Kutsegula Wii kunali kosavuta, chomwe chinandidyera nthawi ndi Wi-Fi

Wii yanga, makina osewerera magemu a Nintendo aja, ndi yakalekale, yoyera ija yomwe ikaimirira pamwamba pake pali kachitseko kobisa mabowo a ma controller a GameCube, ndipo zaka zonsezi sindinaganizepo zoigwiragwira mkati. Imayaka, magemu amayenda, ana a mchemwali wanga akabwera amalimbirana rimoti mpaka wina kulira, nde ndiyambe kuivuta chifukwa chani. Vuto linabwera pang'onopang'ono. Ukalowetsa diski imayamba phokoso ngati munthu akukukuta mano kutulo, kenako sikirini yakuda ndi kauthenga kaja koti yalephera kuwerenga, utulutse diski, upukute ndi malaya, ulowetsenso, mwina itheke mwina ikane. Sindikuinena ayi, makinawa anatuluka mu November 2006 ndipo yangayi yakalamba, diso lake lowerengera madiski lagwira ntchito yokwanira. Komanso madiski ambiri tinawakala ndife tomwe, kuwasiya patebulo opanda chikuto, ana kuwagwira ndi manja onona, ina ndinaipeza pansi pa mpando itakhala miyezi kaya ingati.

Yomwe inandipweteka mtima ndi Super Smash Bros. Brawl. Madiski ambiri a Wii ndi a 4.7GB koma iyi ndi yamagawo awiri, yofika 8.5GB, ndipo diso lotopa kapena lafumbi limayamba kukana madiski amtundu umenewu lisanayambe kukana enawo. Si zachilendo, ngakhale mu 2008 gemuyi itangotuluka kumene anthu ena zinawachitikira mpaka Nintendo inkalandira makina awo nkuwapukutira diso. Kwa ine magemu ena onse amayenda mokakamiza koma Brawl inangoti basi, tasiyana. Apa mpomwe ndinayamba kuwerenga za softmod, kuitsegula Wii ndi mapulogalamu okha osamasula sikuluu ngakhale imodzi, kuti magemu anga azikhala mu hadi diraivi ndipo madiski akapume mu kabati.

Ndinkaopa heavy, ndisaname. Mmutu mwanga kutsegula gemu kunali kuwotcherera tima chip pa bolodi ngati mmene ankachitira ndi PlayStation zakale zija, koma ku Wii anthu anapeza njira ina kalekale ndipo mbiri yake imandiseketsa mpaka lero. Mu 2008 gulu lina lomwe linkadzitcha Team Twiizers linatulukira kuti mu gemu ya Zelda ya Twilight Princess, dzina la hatchi ija Epona likakhala lalitali mopyola muyeso mu fayilo ya save, gemu imasokonezeka nkuyamba kuyendetsa pulogalamu yomwe iwe waika pa khadi la SD. Dzina la hatchi abale. Ndi mmene Homebrew Channel inalowera mmakina a anthu ambiri poyambirira, kachanelo kabuluu kokhala ndi timathovu tamadzi komwe umaikamo mapulogalamu opangidwa ndi anthu wamba. Nintendo inkatseka bowo ili anthu nkupeza lina, choncho choncho, mpaka system menu inafika pa 4.3 mu 2010 nkuimira pomwepo, ndipo mu 2011 kunabwera LetterBomb yomwe sifuna diski ya gemu iliyonse. Imeneyi ndi yomwe ndinagwiritsa ntchito.

Kachitidwe kake nkachidule. Umalowa mu Wii Settings, pakona yakumanja mmwamba pamalembedwa version, yanga inali 4.3E, chilembo chakumapetocho chimanena dera lomwe makinawo anapangidwira ndipo ukalakwitsa pamenepa sizitheka. Kenako pa Internet, Console Information, umakopera MAC address, manambala ndi zilembo 12 zija. Ukazilemba pa tsamba la LetterBomb limakupatsa zip, umaimasulira pa khadi la SD lofomatidwa FAT32, kulowetsa mu Wii, nkupita pa Message Board pomwe pamafikira makalata. Pamayenera kuoneka envelopu yofiira yojambulidwa bomba. Ine ndinapita, palibe. Kubwerera dzulo, palibe. Dzana, mawa, palibe. Ndinafomatanso khadi kawiri, kulembanso MAC address pang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kulemba, mpaka thukuta, kenako maso anagwera pa deti yomwe Wii imaonetsa pansi pa sikirini ndipo inali ya zaka zambiri zapitazo. Kabatire ka wotchi, ka CR2032 kaja kokhala m'mbali, kanafa kalekale ndipo palibe anazindikira chifukwa ndani amayang'ana deti pa Wii. Kalatayo imaikidwa pa tsiku lenileni lomwe waipanga, nde inalipo ndithu koma kutsogolo kwenikweni kwa kalendala ya makina anga. Nditakonza deti envelopu ija inangoti mbee pa tsiku la dzulo.

Ukaidina sikirini imada, timalemba toyera timathamanga, kenako pamabwera chenjezo loti pulogalamuyi ndi yaulere ndipo ngati wina wakugulitsa wakubera, limakudikiritsa masekondi pafupifupi 30 kuti uwerengedi usanadine 1. Mkatimo ndi HackMii Installer, umaika Homebrew Channel ndi BootMii. Zonsezi, kuchotsapo ujeni wa deti uja, sizinakwane mphindi 10.

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amathamangira. Musanaike china chilichonse pangani bakapu ya NAND. NAND ndi memori yamkati ya Wii, 512MB basi, mmenemo muli system menu, ma save, machanelo, moyo wonse wa makinawo, ndipo ikawonongeka Wii imasanduka chomwe anzathu amati brick, njerwa yeniyeni yoyera yokongola yosayaka. BootMii ndi imene imakopera zonsezi pa khadi. Chodabwitsa nchakuti mu BootMii rimoti ya Wii sigwira, umayenda ndi batani la Power pamakinapo nkusankha ndi Reset, kapena controller ya GameCube ngati uli nayo, ndiye ndinagwada pansi kutsogolo kwa TV kudina timabatani ndi chala, nkumaonerera timabokosi tikusanduka tobiriwira mzere ndi mzere. Inanena kuti yapeza ma bad block angapo mtima unagunda, koma nzabwinobwino, memori zamtunduwu zimachoka nawo ku fakitale. Pamapeto pamatuluka mafayilo awiri, nand.bin ndi keys.bin, ndipo makiyi amenewa ndi a Wii yako yokhayo, bakapu ya mnzako singakupulumutse. Ine ndinawakopera malo atatu. Ma Wii oyambirira, opangidwa chaka cha 2008 chisanathe, amalola BootMii kukhala mu boot2 kutanthauza kuti imayamba system menu isanayambe, nde ngakhale zitavuta bwanji umatha kubwezeretsa. Yanga inakana zimenezo, inangolola ngati IOS, imodzi mwa timapulogalamu tamkati toyendetsa Wii, nchifukwa chake ndinaikanso Priiloader, chitetezo china choyamba system menu isanayambe, yomwe umailowa pogwira Reset poyatsa.

Zotsatira ndidutsa mwachangu poti sizinandivute. Ndinaika ma cIOS a d2x, omwe ndi ma IOS osinthidwa, 249 pa base 56, 250 pa 57, 251 pa 58, amenewa ndi omwe amalola makina kuwerenga magemu kuchokera pa USB. Kenako USB Loader GX, loader yomwe imaonetsa ndi kuyendetsa magemu a mu hadi. Hadi diraivi iyenera kulowa pa bowo la USB lamunsi Wii ikagona chogona, lakumphepete lija, linalo ma loader ambiri saliyang'ana poyamba. Hadi yanga inkangoti tiki tiki osazungulira bwino chifukwa bowo limodzi silimaipatsa moto wokwanira, nde ndinapeza chingwe chamitu iwiri chija, mutu wina wa data wina wongokoka moto, nkhani inatha. Mu USB Loader GX ukalowetsa diski umatha kuikopera mu hadi pompo, ndiye madzulo awiri ndinakhala ndikudyetsa makina madiski anga imodzi imodzi, Mario Kart Wii, Wii Sports, New Super Mario Bros. Wii ndi ena, kwinaku ndikuipepesa kuti limba mtima aka nkomaliza.

Ndinene maganizo anga pa nkhani ya magemu okuba poti ndikudziwa wina afunsa mmene angapezere aulere. Ine onse omwe ali mu hadi yanga madiski ake ali mu kabati, ndipo ndi mmene ndikufunira kuti zikhale. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko ngakhale pa kukopera diski yako yomwe, nde aliyense afufuze kwawo. Chomwe chimandilimbitsa mtima ine nchakuti Wii Shop Channel inatsekedwa mu January 2019, maseva osewerera pa intaneti anazima mu May 2014, madiski atsopano sakupangidwanso, nde diski yomwe ndinagula ndi ndalama zanga ikakalika palibe komwe ndingakadandaule. Kuisunga ndi udindo wanga.

Brawl yokha inakanabe. Ndinatenga diski yanga kupita nayo kwa mnzanga wina yemwe Wii yake diso likadali lakuthwa, tinaikopa ndi CleanRip pa hadi yake, nkuiponya mu laputopu yanga ngati ISO, fayilo imodzi yaikulu yokhala ndi diski yonse. Kufika kunyumba ndi pomwe ulesi unandilowa. Hadi yanga ndinali nditaimangirira kale kuseri kwa kabati ya TV, zingwe zonse kuzimanga bwinobwino ndi timapulasitiki tija, kuti ndiifikire ndiyenera kukoka kabati yonse, kuchotsa sipika, kulowetsa mkono mpaka paphewa mu fumbi. Komanso laputopu yangayi mabowo ake ndi a USB-C okhaokha ndipo ka adaputa kanga kamasowa tsiku lomwe ukukafuna. Ndinati aaa, Wii ili ndi Wi-Fi, laputopu ili ndi Wi-Fi, bwanji ndingoitumiza mmalere ndili khale pa sofa. Walira mvula walira matope.

Choyamba, Wii inakana kulowa pa netiweki ya mnyumba. Inali isanalumikizidwepo chigulireni rauta yatsopano. Dzina la netiweki imaliona, pasiwedi ndikulemba yolondola ndi karimoti konjenjemera kaja chilembo chimodzi chimodzi, koma connection test nkubwera ndi error 51330. Ndinalembanso kanayi konse ndikudzikayikira ndekha. Safunsa anadya phula, nditapita kukawerenga ndinapeza kuti vuto si pasiwedi ayi koma msinkhu. Wii imadziwa 802.11b ndi g basi, pa 2.4GHz pokha, za 5GHz siinamvepo, ndipo pa chitetezo imalekezera pa WPA2. Rauta yanga inali pa WPA3 yosakaniza ndi WPA2, mabandi awiri onse pa dzina limodzi, zomwe mafoni amakono amasangalala nazo koma gogo wa 2006 amangoti kukamwa yasa. Sindinafune kusokoneza netiweki ya nyumba yonse chifukwa cha gemu, madam anali pa msonkhano wa pa intaneti chipinda chinacho, nde ndinaganiza mwanzeru zanga kuti nditsegule guest network, 2.4GHz yokha, WPA2 ya AES, ikhale ya Wii yokhayokha. Inalowa ulendo woyamba womwewo. Itafunsa ngati ndikufuna system update ndinati ayi, pa makina otsegula batani limenelo silodina mwachisawawa.

Ndinadzitama kwa mphindi zisanu. Ndinatsegula ftpii mu Homebrew Channel, kapulogalamu komwe kamasandutsa Wii kukhala seva ya FTP, yolandira ndi kutumiza mafayilo pa netiweki, sikirini yakuda timalemba toyera nkukuonetsa IP address yake. Pa laputopu ndinatsegula FileZilla, pulogalamu yotumizira mafayilo pa FTP, kulemba manambala aja, port 21, connect. Zii. Timeout. Kuyesa ping, zii. Wii ili pa intaneti, laputopu ili pa intaneti, rauta ndi imodzi yomweyo ili pa shelefu ndikuiona ndi maso angawa, koma awiriwa sakuonana. Ndinazimitsa firewall, kuyatsanso Wii, kusintha passive mode kupita active nkubwereranso, ola lathunthu linapita. Kenako zinangondifikira zokha ndili kukhitchini kumwa madzi, kuti ntchito yeniyeni ya guest network ndi imeneyo, kuti mlendo apeze intaneti koma asaone zipangizo zina za mnyumba. Ndinaitsekera ndekha mchipinda cha alendo nkumadabwa kuti bwanji sikundiyankha kkkk. Mu maseting'i a rauta munali kabokosi kolola zipangizo za pa guest kuona netiweki ya mnyumba, ma rauta ena amati AP isolation ena client isolation, nditasintha pamenepo FileZilla inalowa pompo nkundionetsa mafoda awiri, sd ndi usb.

Apa mpomwe pali kukoma kwake ndipo sindikufuna kuti madandaulo akubwerawa akuphimbe. Ndinakoka kafoda kakang'ono ka pulogalamu ina ya homebrew kuponya mu sd/apps, masekondi atatu kafika, kubwerera ku Homebrew Channel ndi ako kali pa mndandanda. Osatulutsa khadi, osasaka card reader, osadzuka. Zithunzi za makava a magemu, mafayilo a maseting'i, ma save omwe ndimafuna kusunga pa laputopu, zonse phiii zadutsa. Ndinapezanso kuti Homebrew Channel payokha imamvetsera pa port 4299, nde ndi kapulogalamu ka wiiload umatha kutumiza pulogalamu kuchokera pa kompyuta nkuyamba kuyenda pa TV nthawi yomweyo osaisunga nkomwe pa khadi. Ndinasewera nazo ngati mwana wapatsidwa chidole, kutumiza zinthu zomwe sindikuzifuna nkomwe kungofuna kuona zikutulukira uko.

Kenako ndinayesa fayilo yaikulu ndipo ndinaona liwiro lenileni la makinawa. Papepala 802.11g imafika 54Mbps, zomwe ukagawa ndi 8 ndi pafupifupi 7MB pa sekondi, ndipo aliyense amadziwa kuti za papepala sizifikika, koma ndinkayembekezera mwina theka lake. Ine FileZilla imandionetsa 600KB, 700KB, ikasangalala 800KB pa sekondi, kuyenda kwa bilimankhwe. Ndinasuntha rauta kuibweretsa pafupi, kusintha chanelo kuchoka pa auto kuika 1 kenako 6 kenako 11, kuthamangitsa mafoni onse kupita ku 5GHz, zinasintha pang'ono kwambiri moti sungatchule. Chifukwa chake chili mkati mwa Wii momwemo. Kachipangizo kake ka Wi-Fi ndi ka Broadcom kolumikizidwa kudzera pa SDIO, ndipo chilichonse cha netiweki ndi cha USB sichidutsa pa purosesa yaikulu ija ya 729MHz mwachindunji, chimadzera pa kapurosesa kena kakang'ono ka ARM komwe anthu anakapatsa dzina loti Starlet, komwe kamayendetsa IOS. Nde kamwana kamodzi komweko kakulandira katundu pakhomo la Wi-Fi nkumakamuikanso mu hadi. Anaipangira kutumiza ma Mii, kuona zanyengo ndi kuthamangitsana pa Mario Kart, palibe ankaganiza kuti tsiku lina munthu waulesi adzafuna kudutsitsapo ma gigabyte.

Ndinawerengera kuti Brawl, yomwe nditaisandutsa ndi Wii Backup Manager kukhala wbfs, mtundu wa fayilo ya magemu a Wii mu hadi, inali chakuma 7GB, itenga maola atatu. Ndinati palibe vuto, kuona maso a nkhono nkudekha. Cha mma 8 usiku ndinaiyambitsa, laputopu patebulo, TV ikuonetsa sikirini yakuda ya ftpii, ine pa foni nkumasuzumira kamzere kobiriwira kaja. Madam kudutsa anafunsa kuti kodi TV yawonongeka, ndinati ayi ikugwira ntchito, anandiyang'ana nkupitirira. 20 peresenti, 35, 50, ndikumwetulira ndekha. Itadutsa pang'ono theka, patapita pafupifupi ola ndi mphindi 40, kamzere kanaima. Malemba ofiira mu FileZilla, transfer failed, kenako iyo yokha nkuyambiranso. Ndinayang'ana mu foda ya usb kuti ndione chomwe chafika ndipo fayilo inali itaima pa 4GB ndendende. Ndinangogwira kumutu chifukwa ndinkadziwa, ndinkadziwa ndithu, FAT32 silola fayilo imodzi kupyola 4GB, ndi lamulo lakalekale kuposa Wii yomwe, ndipo hadiyo ndinaifomata FAT32 ndi manja anga omwe chifukwa ndi yomwe mapulogalamu ambiri a homebrew amagwirizana nayo. Magemu ena aja sanandivute poti USB Loader GX ikamakopa diski pa FAT32 imadula yokha fayilo ikakula, komanso ambiri ndi aang'ono ukachotsa zinyalala zodzazira diski, Wii Sports ndi New Super Mario Bros. Wii safika ndi theka la giga lomwe. Mnzanga uja hadi yake ndi ya NTFS nchifukwa chake kwa iye inatuluka yathunthu.

Mu Wii Backup Manager muli seting'i yodula fayilo pa 4GB, imatulutsa zidutswa ziwiri, china .wbfs china .wbf1, ndipo loader imaziwerenga ngati gemu imodzi bola zikhale mu foda imodzi. Ndinadula, kufufuta chiduswa chakufa chija, kuyambitsanso cha mma 10 nkupita kukagona ndili ndi chikhulupiriro chonse. Mmawa kudzuka, fayilo yoyamba yafika 1GB ndi kanthu basi. Laputopu nayo inagona. Ndinali nditaiwala kuti ikakhala osagwiridwa kwa kanthawi imalowa sleep ndipo Wi-Fi imazima nayo limodzi, Wii yokha ndi yomwe inachezera usiku wonse kudikira munthu yemwe wagona.

Ulendo wachitatu ndinakonzeka ngati ndikupita ku mayeso. Laputopu pa chaja, sleep kuzimitsa. Mu FileZilla ndinaika kuti izitumiza fayilo imodzi pa nthawi, chifukwa payokha imatumiza ziwiri nthawi imodzi ndipo Wii ikapatsidwa ziwiri imatsamwa, timeout yomwe imakhala masekondi 20 ndinaikweza kuti isamathawe msanga Wii ikangoti zii pang'ono. Nditadina connect inakananso ndipo ndinatsala pang'ono kuponya mausi, koma kuyang'ana pa TV nambala yomaliza ya IP inali itasintha, rauta inaipatsa ina nditaizimitsa nkuyatsanso. Ndinalowa mu rauta nkumangirira IP imodzi ku MAC address ija, yomweyo ndinakopera tsiku loyamba, kuti isadzasinthenso. Maola atatu ndi mphindi zingapo, zidutswa zonse ziwiri zinafika zamoyo.

Ndinatsegula USB Loader GX, Brawl palibe.

Apa sindinakwiye nkomwe, ndinangoseka. Mafayilo ndinawaponya pamwamba penipeni pa hadi mmalo mwa mu foda ya wbfs. Loader imayang'ana mu wbfs, ndipo kaikidwe kabwino ndi foda ya dzina la gemu yokhala ndi ID yake mmabulaketi amakona aja, mkatimo fayilo yotchedwa ID yomweyo, ya Brawl yanga ndi RSBP01, P ameneyo akutanthauza PAL, ya dera la ku Ulaya, ya ku America ndi RSBE01. Mwamwayi kusuntha fayilo mkati mwa hadi imodzi sikufuna kuitumizanso, ndi kungosintha dzina ndi malo, nde ndinapanga foda, kusunthira momwemo, kubwerera ku loader, kava ija inaoneka. Nditaidina panalibe phokoso lokukuta mano, panalibe sikirini yakuda, nyimbo yoyambira ija inangoyamba ndipo inalodanso mwachangu kuposa mmene ndimaikumbukira pa diski.

Alamu anga atabwera ndinawafotokozera nkhani yonseyi monyada, iwo anamvetsera mpaka kumapeto nkufunsa kuti kodi kukoka kabati kukanatenga mphindi zingati. Ndinati mwina 5. Nanga kukopera 7GB pa chingwe? Mwina 5 zinanso, ingakhale 10. Anangoti oho alamu, nkutenga rimoti. Akunena zoona, sindingatsutse, munthu amene akufuna kusamutsa magemu 20 kapena 30 asayese nkomwe Wi-Fi ya Wii, azule hadi ailowetse pa kompyuta, pa Wi-Fi zingatenge masiku. Ndipo wa Wii mini, yofiira ndi yakuda ija, nkhani yonseyi simukhudza poti ilibe Wi-Fi ilibenso polowetsa khadi la SD, imatsegulidwa ndi njira ina ya Bluetooth yotchedwa BlueBomb.

Koma ftpii sindinaichotse ndipo ndimaitsegula pafupifupi sabata iliyonse. Chilichonse chosakwana giga imodzi chimadutsa mmalere, mapulogalamu atsopano, makava, makamaka ma save a ana aja omwe ndimawakokera ku laputopu akangochoka, chifukwa tsiku lomwe wamng'onoyo adzafufute za mkulu wake mwangozi ndikufuna ndidzakhale ndi poyambira. WiiXplorer nayo ili ndi FTP yake komanso imatha kuwerenga foda yomwe wagawa pa kompyuta, ndaiyesa kangapo, liwiro ndi lomwelo koma ndi yokongola kuyang'ana kuposa sikirini yakuda ija, madam sakufunsanso ngati TV yafa. Ndikuganiza zopeza ka adaputa ka USB kolowetsa chingwe cha LAN, koma Wii sigwirizana ndi kalikonse, imafuna kokhala ndi chip ya ASIX AX88772, komanso mabowo onse awiri a USB adyedwa kale ndi chingwe chamitu iwiri chija nde ndiyenera kupeza kaye hadi yokhala ndi moto wakewake. Kabatire ka wotchi kaja ndinasintha. Pano pamene ndikulemba izi Mario Kart ikubwerera chakumbuyo, kuchoka mu hadi ya kuseri kwa kabati kubwera ku laputopu kuti ndikhale ndi kope lachiwiri, ili pa 41 peresenti, 710KB pa sekondi, yatsala mphindi 36 ndipo sleep ndazimitsa, ndayang'ananso kawiri.